Akavalo a Mtengo a ku Coney Island

Kum'mwera kwa Brooklyn, kumene mzinda wa New York uthera pa mchenga wa nyanja ya Atlantic, kuli malo otchedwa Coney Island, amene kwa zaka zoposa zana akhala bwalo la masewera la anthu wamba a mzindawo. Ndipo munthu wofikako m'nyengo yotentha, nyali zili ngwee, malimba akulira, ana akukuwa pa zokwera zozungulira ndi zotsetsereka, angathe kuyesa kuti chisangalalo chotere chimangodzimerera chokha ngati bowa. Koma mbiri yeniyeni ya malowo idalembedwa m'miyezi yozizira, zipata zili zotseka, pamene akalipentala, osula zitsulo ndi opaka utoto amalimbana ndi mphepo ya mchere yochokera kunyanja, imene imadya chitsulo ndi dzimbiri niwoletsa matabwa, osasamala kuti mwini malo wapindula chaka chimenecho kapena ayi. Pakuti ndalama zimalowa miyezi yowerengeka chabe, makamaka kuyambira chakumapeto kwa Meyi kufikira kuchiyambi kwa Seputembala, koma dzimbiri silidziwa tchuthi; ndipo walira mvula walira matope.

Kuti kukonza zinthu kumene kungasanduke tsoka, adazionera ndi maso a ku Dreamland, bwalo lalikulu la nsanja zoyera limene lidatsegulidwa mu 1904. Usiku wa kucha kwa pa 27 Meyi 1911, patatsala maola ochepa kuti nyengo ya chaka chimenecho iyambe, amisiri adali kumata ndi phula lotentha malo odontha pa chokwera china cha mabwato chotchedwa Hell Gate. Mababu a magetsi adaphulika, mumdimamo chidebe cha phula chidagubuduka, ndipo pofika m'mawa Dreamland yense, pamodzi ndi nyama zambiri za m'makola ake, adali phulusa. Chakudza sichiyimba ng'oma. Bwalolo silidamangidwenso, ndipo pa gawo lina la malo ake pali lero nyumba yoonetseramo nsomba ya mzinda wa New York.

Mwa amene adaona motowo padali munthu wodziwa kale kuwawa kwake, ndiye George C. Tilyou, mwini wake wa Steeplechase Park, amene adatsegula bwalo lake mu 1897 nalitcha dzina la chokwera chake chachikulu, akavalo a makina othamanga pa njanji zachitsulo mozungulira bwalo lonse, aliyense atanyamula anthu awiri. Steeplechase idapsa mu 1907, ndipo Tilyou, amene sadali munthu wokhala pansi n'kumalira, adalipiritsa anthu masenti khumi kuti alowe kudzaona mabwinja akufuka utsi. Chaka chotsatira adaimika chinyumba chachikulu cha zitsulo ndi magalasi, Pavilion of Fun, kuti mvula isamathamangitse alendo ndiponso kuti zokwera zake zamtengo wapatali zikhale pansi pa denga. Nzeru yake idali yakuti chokwera chabwino sichiyenera kukhala chatsopano ayi, chingofunika mwini wochisamala; motero, moto wa Dreamland utazilala, iye adagula chinthu china chimene chidaima pafupi pomwepo ndipo chidawauka koma osapsa, nachilowetsa m'nyumba yake ya magalasi.

Chinthucho chidali El Dorado, ndipo pa icho tiyenera kukhalitsa pang'ono, popeza ulendo wake ndiwo uonetsa bwino momwe malonda a zokwera zakale amayendera. El Dorado adali carousel, ndiko kuti chibwalo chozungulira chokhala ndi nyama zosema zimene anthu amakwerapo. Adamupanga ku Germany mu 1907 Hugo Haase, mmisiri wotchuka wa zokwera za pa zionetsero, ndipo asanawoloke nyanja adayamba wayendayenda m'mizinda ya ku Ulaya. Sadali ngati ena onse, pakuti adali ndi nsanja zitatu, ina pamwamba pa inzake, iliyonse yozungulira pa liwiro lake, ndipo padali akavalo, nkhumba ndi magaleta osemedwa ndi manja, ndi magalasi ndi nyali zochuluka. Ku Steeplechase adazungulira zaka zoposa makumi asanu. Bwalolo litatsekedwa adamuphwasula namuika m'nyumba yosungiramo katundu, kumene akadatha kuwolera pomwepo, kapena kugulitsidwa chidutswachidutswa. Koma eni ake a Toshimaen, bwalo la masewera la ku Tokyo, adamugula, namuwolotsa nyanja yachiwiri, namukonza mwakhama, ndipo mu 1971 adayambanso kuzungulira pakati pa ana olankhula chinenero chimene womupanga sadachiyembekezere. Mu 2010 akatswiri a makina a ku Japan adamulemba m'kaundula wa makina osungidwa monga cholowa cha dziko lawo. Ine ndiyesa kuti palibe umboni wina woposa uwu wakuti chokwera sichifa ndi ukalamba: makina omwewo amene ku New York adaoneka ngati katundu wotha ntchito adatumikira ku Tokyo pafupifupi zaka makumi asanu zina, kufikira pa 31 Ogasiti 2020, pamene Toshimaen nayonso idatsekedwa, malo ake atapezeredwa ntchito ina yopindulitsa koposa, ndipo El Dorado adaphwasulidwanso.

Nanga n'chiyani chidatseketsa Steeplechase, ngati makina ake adali amoyo chotere? Zifukwa zidalipo zingapo, ndipo zina zidali kunja kwa mpanda wake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mabanja ambiri adagula magalimoto nayamba kupita ku magombe akutali. Ena adasamukira kunja kwa mzinda. Wailesi yakanema ndi nyumba zozizira za mafilimu zidasunga anthu m'nyumba masiku otentha. Luna Park, bwalo lachitatu mwa mabwalo akulu a Coney Island, lidali litapsa kale mu 1944 ndipo silidadzukenso. A m'banja la Tilyou, amene adagwira ntchitoyo chimwalirireni bambo wawo mu 1914, adatopa ndipo sadamvanenso za tsogolo lake. Adatseka zipata pa 20 Seputembala 1964, ndipo chaka chotsatira adagulitsa malowo kwa Fred Trump, womanga nyumba zogona. Kwathu timati chuma chili m'nthaka, kunena za khasu ndi mbewu. Ku New York mawu omwewo ali ndi tanthauzo lina louma, lakuti dothi limene kavalo wa mtengo waimapo lingathe kukwera mtengo kufikira kavaloyo asanduka chopinga. Trump sadagule akavalo kapena magalasi. Adagula nthaka ya m'mphepete mwa nyanja. Ndipo poopa kuti boma lingateteze Pavilion of Fun monga nyumba ya mbiri, mu Seputembala 1966 adaitana alendo ndi atolankhani ku phwando la kugwetsa, kumene anthu adapatsidwa njerwa kuti agende magalasi a nyumbayo. Chilolezo chomangira nyumba zake zazitali sadachipeze, ndipo pomaliza adagulitsa malowo kwa mzinda, nakhala bwinja zaka zambiri.

Katundu wa Steeplechase adabalalika. Akavalo a pa njanji aja adagulidwa ndi bwalo lina la ku Dania, m'boma la Florida, lotchedwa Pirates World, limene nalonso silidakhalitse. Chidatsala chilili ndi chimodzi chokha, nsanja yachitsulo ya Parachute Jump, yotalika mamita pafupifupi 76, imene nayo idali yogula yakale, pakuti idamangidwira chionetsero chachikulu cha ku New York cha 1939, a Tilyou n'kuigula chionetserocho chitatha. Inkafuna antchito ambiri, ndipo mphepo ikakula inkaimitsidwa, kotero sidali yopindulitsa kwenikweni. Chidaipulumutsa n'chakuti kuigwetsa kudafuna ndalama zochuluka zimene palibe adafuna kutaya, mpaka mu 1989 idatetezedwa ndi lamulo.

M'zaka zomwezo padabuka msika wina umene udawononga ma carousel ambiri koposa moto. Anthu okonda kusonkhanitsa zosema adazindikira kuti akavalo a mtengo, osemedwa ndi amisiri obwera kuchokera ku Ulaya monga Charles Looff, amene adaimika carousel yoyamba ku Coney Island mu 1876, kapena Marcus Illions ndi Charles Carmel, adali ntchito za luso zoyenera kuikidwa m'nyumba za olemera. Ndipo mwini carousel, wolemedwa ndi inshuwalansi, lendi ndi mtengo wa utoto, akawerenga bwino amapeza kuti akavalo ake akagulitsidwa mmodzimmodzi pa okoshoni abweretsa ndalama zoposa zimene makina onse athunthu angabweretse. Sindingathe kumuweruza msanga munthu wotere, popeza wokonda mbiri sadzabwera kudzamulipirira ngongole zake. Komabe kavalo wochotsedwa pa mzati wake n'kuimikidwa m'chipinda chochezera wasiya kukhala chimene adamusemera, ndipo carousel yobalalitsidwa chotero siisonkhanitsika kawiri.

Zimene zidapulumuka zidapulumuka chifukwa padapezeka wina wovomera kusenza katundu wa chaka ndi chaka. Cyclone, njanji yamatabwa yokwera ndi kutsetsereka imene idatsegulidwa mu 1927, idafika pafupi kugwetsedwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 kuti nyumba ya nsomba ija ikule. Koma a m'banja la Albert, eni ake a bwalo la masewera la Astroland, adaichita lendi kwa mzinda mu 1975, naikonza, ndipo mu 1988 idatetezedwa. Njanji yamatabwa siikonzedwa kamodzi: amisiri amayenda pamwamba pake m'mawa anthu asanakwere, kumanga mabawuti amene kugwedezeka kwamasula ndi kuyang'ana thabwa lililonse long'aluka, ndipo m'nyengo yozizira zigawo zathunthu zimazulidwa n'kuikidwa zatsopano, kotero kuti munthu angafunse ngati yatsalamo matabwa angati a 1927. Mnzake, Thunderbolt, wa 1925, adasiyidwa wopanda womusamala kuyambira m'ma 1980, zitsamba n'kumera pakati pa njanji zake, ndipo mu Novembala 2000 adagwetsedwa. Wonder Wheel, gudumu lalikulu la 1920 lotalika mamita pafupifupi 46, lidagulidwa mu 1983 ndi Denos Vourderis, Mgiriki amene kale ankagulitsa zakudya, ndipo a m'banja lake amatsitsa timagaleta take chaka ndi chaka kukatikonza ndi kutipaka utoto. Pa kuzima kwa magetsi kwa mu Julaye 1977, eni ake a nthawiyo adalizunguza ndi manja kufikira wokwera womaliza adatsika bwino.

Koma ngakhale osamala sapambana nthawi zonse. A Albert omwewo adagulitsa nthaka ya Astroland mu 2006 kwa kampani ya Thor Equities, ndipo pa 7 Seputembala 2008 bwalolo lidatsekedwa, zokwera zake n'kuikidwa pa malonda. Roketi yake yotchuka, imene idakhala zaka zambiri pa denga la malo ena odyera, adaipereka kwa mzinda.

Nkhani ya B&B Carousell ndiyo idayenda njira ina. Iyi idali carousel yomaliza yotsala ku Coney Island mwa zambiri zimene zidalipo kale, makina ake opangidwa ndi William Mangels wa komweko, akavalo ake makumi asanu. Ndipo mu 2005 idaikidwa m'manja mwa ochititsa okoshoni, anthu ambiri n'kuopa kuti akavalowo apita uyu kwake uyu kwake monga anzawo. Okoshoniyo isanachitike, mzinda wa New York udaigula yathunthu ndi madola 1.8 miliyoni, nuitumiza ku Marion, m'boma la Ohio, kumene amisiri adakhala zaka zingapo akupala utoto wosanjikizana wa mibadwo, kulumikiza miyendo yothyoka ndi kubwezera mitundu yoyamba. Idabwerera mu 2013, patangopita miyezi kuchokera pamene namondwe Sandy adamiza dera lonselo, amene akadaipeza pa malo ake akale ikadapanda kuchoka. Ndipo adaiimika m'nyumba yatsopano patsinde pa Parachute Jump, pa nthaka yomweyo imene Fred Trump adagula kwa a Tilyou.