ZA AZUNGU AMENE ANAYAMBA KUFIKA KU AMERICA

Ambiri a ife tinaphunzira kuti mzungu woyamba kuoloka nyanja ya Atlantic ndi kufika ku America ndiye Columbus, m'caka ca 1492. Ndipo ife aphunzitsi tinalembetsa ana mau omwewa pamasileti ao. Tsono tiyenera kukonza, pakuti alipo ena amene anamtsogolera zaka monga 500.

Anthuwo ndiwo a Viking, a ku maiko ozizira a kumpoto kwa Ulaya. Mmodzi wa iwo, dzina lace Erik, anampitikitsa ku cisumbu ca Iceland zaka zitatu pa mlandu wa kupha anthu, monga m'caka ca 982. Iye analoza ngalawa yace kumadzulo, napeza dziko lalikuru la cipale, nalicha Greenland, ndiko kunena Dziko Lobiriwira, kuti anzace akopeke nalo. Dzinalo linawakopadi: ngalawa 25 zinanyamuka naye, koma zinafika 14 zokha.

Ku Greenland kunali kosowa mitengo ya nyumba ndi ya ngalawa. Cotero monga m'caka ca 1000 Leif, mwana wa Erik, anapitirira kumadzulo, nafika ku gombe la America, kumene anapeza nkhalango ndi mphesa za kuthengo, nachako Vinland. Pambuyo pace Thorfinn Karlsefni anamuka ndi mkazi wace Gudrid ndi zoweta, kuti amange mudzi. Ndipo mwana wao Snorri anabadwira komweko.

Koma dzikolo linali ndi eni ace. Poyamba anagulana bwino: alendo anapereka mkaka ndi nsaru zofiira, nalandira zikopa. Pambuyo pace inabuka nkhondo. Thorvald, mbale wa Leif, anali atafa kale ndi mubvi wa anthu omwewo. Alendowo anali owerengeka, ndi kwao kunali kutali kosati nkuitana thandizo. Tiyesa kuti anacita mwanzeru pobwerera.

Mbiri iyi inayenda pakamwa pa akuru zaka zoposa 200 isanalembedwe ku Iceland, ndipo ophunzira ambiri anaikayika, nati kapena ndi nthano cabe. Koma m'caka ca 1960 Helge Ingstad, wa ku Norway, anayenda m'magombe ndi kufunsa anthu a m'midzi. Ndipo pa L'Anse aux Meadows, m'cisumbu ca Newfoundland, munthu wa pamudzipo anamuonetsa timitumbira tomera udzu. Mkazi wace Anne Stine anatsogolera okumba, napeza mabwinja a nyumba 8, ndi misomali ya ngalawa, ndi malo osulira citsulo. Anapezanso kamwala koboola kopotera ulusi, kamene katidziwitsa kuti panali akazi, pakuti kwa anthu aja kupota inali nchito ya akazi. Ndipo m'caka ca 2021 akatswiri, powerenga mizere ya m'zidutswa za mitengo ya pamalopo, anapeza kuti inadulidwa ndi citsulo m'caka ca 1021.