Makalata, Akuba ndi Mabomba mu Lusaka

1. Kalata inkayenda ndi miyendo

Kale kunalibe galimoto ya positi. Amuna ovala zofiira ankasenza matumba a makalata pamutu, nayenda masiku ambiri m'tchire la mikango kuti akafike ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata. Njanji inafika ku Lusaka mu 1905, ndipo makalata anayamba kukwera sitima.

Mavuto analipo kuyambira pachiyambi. Mu 1898 bokosi la masitampu ochokera ku London linasowa panjira ya pa Zambezi, likupita ku dziko limene lero ndi Malawi. Boma la kumeneko linapanga masitampu ongoyembekezera. Mkulu wa positi, J. T. Gosling, ankalemba zilembo za dzina lake kuseri kwa sitampu ndi dzanja, kuopa anthu opanga masitampu abodza.

2. Kalata ya m'komboni

Lusaka inakhala likulu mu 1935. Anthu anabwera ambiri kudzafuna ntchito, namanga ku Kanyama, Chawama, Kalingalinga ndi George. Positi siinkafika pakhomo. Nyumba zambiri zinalibe nambala, ndipo bokosi la ku positi ofesi linali lolipira.

Choncho munthu ankabwereka keyala. Keyala ndi adiresi. Wina ankalemba bokosi la abwana ake, wina la tchalitchi, wina la sukulu kapena la golosale. Kalata imodzi inkadutsa m'manja ambiri isanafike kwa mwini wake.

Apa ndi pamene panali ngozi. M'makalata ena munali positi oda, pepala la ndalama limene munthu amakasintha ku positi ofesi. Wakuba ankaunika envulopu padzuwa. Akaona pepala lachilendo, ankaiika pa nthunzi ya ketulo, guluu nkufewa. Ankachotsa positi oda nkumatanso bwinobwino. Kumudzi amayi ankadikira ndalama ya feteleza, mvula nkugwa, ndalama osafika. Abale ambiri anadana chifukwa cha mlandu wa munthu wina.

Amene sankadziwa kuwerenga ankavutika kawiri. Wowawerengera kalata ankatha kudumpha mzere wonena za ndalama. Inu amene mukuwerenga tsamba lino panokha, palibenso angakuchiteni zotere.

3. Lamulo likuti chiyani?

Lamulo la milandu la Zambia limaika kuba katundu wa positi padera. Wakuba kalata, kapena ndalama ya m'kalata, akhoza kukhala m'ndende zaka 10. Chilangocho n'chachikulu chifukwa wotumiza kalata sangathe kuilondera. Amangokhulupirira.

4. Phukusi lopha

Zambia italandira ufulu mu 1964, Lusaka inasunga omenyera ufulu a maiko ena. Ambiri ankakhala pakati pathu, kugula tomato pamsika umodzi ndi ife. Adani awo anawatsata kudzera m'makalata.

Mu Febuluwale 1974 John Dube wa chipani cha ANC cha ku South Africa anatsegula phukusi mu ofesi ku Lusaka. Linaphulika ndi kumupha. Mnzake wa mu ANC, Max Sisulu, anavulala. Pa 22 Januwale 1977 bomba lina la m'phukusi linapha Jason Moyo, mmodzi wa atsogoleri akuluakulu a chipani cha ZAPU cha ku Zimbabwe, mu Lusaka momwemo.

5. Walkman ya imfa

Nkhani iyi ndi yowawa kwambiri. Dirk Coetzee anali wapolisi wa boma la tsankho la ku South Africa. Anathawa, naulula kuti apolisi anzake ankapha anthu mwachinsinsi. Mu 1990 anali ku Lusaka.

Anzake akale aja anamutumizira Walkman, kawailesi ka kaseti komvera m'makutu. M'zomvera m'makutuzo anabisamo bomba. Pamalo a dzina la wotumiza analemba bodza: Bheki Mlangeni, loya wachinyamata wa ku Johannesburg.

Coetzee sanalitenge phukusilo. Positi inachita monga mwa ntchito yake, kubweza katundu kwa amene walembedwa kuti ndiye wotumiza. Mu Febuluwale 1991 Mlangeni anavala zomvera m'makutuzo kunyumba kwake ku Soweto, nayatsa kaseti. Anafera pomwepo. Taganizani za antchito a positi amene anagwira phukusilo ndi kulidinda, osadziwa chimene anyamula. Mkulu wa apolisi achiwembuwo, Eugene de Kock, anapezeka wolakwa pa milandu yambiri mu 1996.

6. Lero

Mu 1994 bungwe la PTC, loyendetsa positi ndi matelefoni, linagawidwa pawiri, kukhala Zampost ndi Zamtel. Masiku ano ndalama zambiri zimayenda pa foni, ndipo wakuba safunanso ketulo. Amatumiza uthenga wakuti mwapambana mphoto, kapena kuti muli ndi phukusi lofuna malipiro.

Musatumize ndalama kwa munthu amene simukumudziwa. PIN yanu musauze aliyense. Ndipo kalata ya mnzanu ikafika m'manja mwanu, muipereke kwa mwini wake ili yomata.