Kanyama: Mudzi Womangidwa pa Dambo

Ambiri a ana athu a ku Petauke ndi ku Nyimba, akatsiriza sukulu, amaoloka Luangwa napita ku Lusaka kukafuna nchito. Tsono nkoyenera kuti ife aphunzitsi tidziwe mbiri ya malo amene ena a iwo amafikirako.

Lusaka anayamba m'caka ca 1905 monga poima sitima, pa cigwa cimene madzi anali kudikha m'nyengo ya dzinja. Pamene mzindawo unasanduka likulu la dziko mu 1935, Boma linamanga nyumba zace pa mtunda, kum'mawa kwa njanji. Koma amphawi ofuna nchito anapeza malo kumadzulo, pa dambo. Anakwirira zithaphwi ndi dothi ndi miyala, naumba nyumba zao. Umo ndimo anakulira Kanyama, ndipo pa kalembera wa 2022 anawerengamo anthu oposa 500,000.

Makolo anati, madzi saiwala khwawa. Pansi pa Kanyama pali thanthwe la laimu la mabowo ambiri, ndipo mvula ikacuruka madzi amakwera msanga. Mu 1978 cigumula cinagwetsa nyumba zambiri, anthu nasowa pogona. Mu 2017 ndi 2018 nthenda ya kolera inabuka, pakuti madzi a m'zimbudzi analowa m'zitsime.

Cifukwa cace, pophunzitsa za mizinda tisaonetse ana nyali za magetsi zokha ai. Tiwaphunzitsenso kufunsa, asanakumbe maziko, kumene madzi amapita mvula ikagwa.