Kuyeretsa Dothi Loipitsidwa ndi Mafuta Pogwiritsa Ntchito Mabakiteriya

Njirayi imachotsa dizilo, petulo ndi mafuta ena m'dothi limene atayikiramo. Dothilo limakumbidwa, kusefedwa kuti miyala ichoke, kenako kusakanizidwa ndi madzi m'thanki yaikulu yotchedwa bioreactor mpaka likhale ngati phala. Makina amalitakasa usana ndi usiku uku akupoperamo mpweya, chifukwa mabakiteriya monga Pseudomonas ndi Rhodococcus amafuna okosijeni kuti agaye mafutawo. Ogwira ntchito amathiramonso nayitrogeni ndi fosifolasi, zakudya zimene zimasowa m'mafuta. Pomaliza, mafutawo amasanduka madzi ndi mpweya wa carbon dioxide.

Ntchitoyi imatha msanga kuposa kuyala dothi pamtetete n'kumalitembenuza, ndipo imathandiza kwambiri padothi lamakande, lomwe mpweya umalowa movutikira. Koma ndi yodula, ndipo mafuta olemera monga phula amachedwa kugayika.