Malire a Nyama m'Cigwa ca Luangwa

Kale m'Cigwa ca Luangwa mwini nyama anali mfumu. Mlenje akapha njobvu, mnyanga umene unagunda pansi unali kuperekedwa kwa mfumuyo.

M'zaka za m'ma 1890 mliri wa ng'ombe unapululutsa njati ndi nyama zina zambiri. Pambuyo pace Boma la Azungu linaika malamulo akuti mlenje agule ciphaso, asake pa nyengo yoikika yokha, ndipo asalumphe malire. Mu 1938 linapatula thengo la kumadzulo kwa mtsinje wa Luangwa kuti likhale mosungira nyama. Anthu a m'midzi anadandaula, pakuti njobvu sizidziwa malire: zinali kuoloka mtsinje ndi kudya mapira ao, koma iwo analetsedwa kuzilondola.

Ca m'ma 1950 Mfumu Nsefu ya Akunda, itamva uphungu wa Norman Carr, inapatula yokha gawo la dziko lace. Alendo odzaona nyama anali kulipira, ndipo ndalamazo zinathandiza Akunda eni ace. Mu 1972 gawolo linalowa mu South Luangwa National Park.

Tsono mphunzitsi pojambula mapu a cigwaci, auze ana amene analemba malirewo, ndi amene anapindula nao.