Anthu Amene Ankationera Mpira

Pamene likulu la dziko lathu lidasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, kumpoto kwa mzinda watsopanowo kudapatulidwa malo a mafakitale, ndipo malowo ndiwo Kanengo. M'zaka zowerengeka chabe kudamangidwa okushoni ya fodya, nyumba za makampani okonza fodyayo, ndi nkhokwe zazitali za chimanga zimene munthu amaziona akadali kutali. Njanji yochokera ku Salima nayo idafika m'chaka cha 1979. Ntchito idaitana anthu kuchokera m'zigawo zonse zitatu. Ena adapeza nyumba ku Area 25, ena adadzimangira ku Mgona, ena ankalawira m'bandakucha kuchokera ku Kawale, ku Biwi ndi ku Chinsapo. Ambiri mwa iwo adafika ali nayo kale timu ya mpira imene ankaikonda.

Vuto lidali lakuti mpira waukulu udatsalira ku Blantyre. Bata Bullets ndi Wanderers adali a kumeneko, ndipo bwalo la Kamuzu, kumene timu ya dziko lino inkasewera kawirikawiri, lidali ku Chichiri, mtunda wa makilomita opitirira 300. Silver Strikers, imene lero ndi nsanamira ya mpira wa m'chigawo cha pakati, idangobadwa m'chaka cha 1977 ndipo idali isanakule. Munthu wonyamula mabelo a fodya sakadatha kulipira basi yopita ndi kubwera chifukwa cha masewera a mphindi 90. Wailesi yakanema kudalibe, pakuti dziko lathu lidayamba kuulutsa zithunzi zake m'chaka cha 1999. Tsono kwa zaka zoposa makumi awiri ife a kuno tinkaonera mpira ndi maso obwereka: a woulutsa wa pa MBC ndi a mlembi wa nyuzipepala.

Awerengi athu achikulire akumbukira mayina onga a Pearson Chunga ndi a Steve Liwewe Banda. Akumbukiranso wailesi ya Nzeru itaikidwa pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, amuna ataizungulira ngati moto wa m'mwezi wa June, ndi mabatire otha mphamvu amene ankayanikidwa padzuwa kuti mwina afikitse masewera kumapeto. Ntchito ya woulutsa sitiyenera kuipeputsa. Iye ankayenera kudziwa osewera 22 ndi nkhope, ndi kathamangidwe komwe, kutchula amene wagwira mpira, kunena mbali imene ali ndi kumene akulowera, ndi kuchita zonsezi mpira usanachoke paphazi. Akangoti zii kwa kanthawi, omvera ankayamba kumenya wailesi poganiza kuti yafa. Mawu akakwera, mtima wa munthu wa ku Mgona unkakwera nawo, ngakhale kuti munthuyo sadapondepo pa Chichiri.

Kuyambira m'chaka cha 1968 MBC inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi mokha, ndipo oulutsa mpira ankalandirana m'zilankhulo ziwirizi. Apa pali mphatso imene sitiithokoza mokwanira. Bungwe loona za Chichewa, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, lidagwira ntchito yake ya malembedwe ndi galamala, koma Chichewa cha mpira sichidatuluke mu ofesi. Chidapsa m'kamwa mwa oulutsa ndi mwa ochemerera. Mawu obwereka onga goloboyi, kona ndi penate adakhazikika pamodzi ndi athuathu onga kuchinya, kutchinga ndi kumwetsa chigoli, mpaka mwana amene sadafike Sitandade 5 ankatha kulongosola masewera onse popanda kusowa liwu. Tikayenda m'makwalala a ku Area 25 lero, timva ana akuulutsa okha masewera awo a mpira wa mapepala, mwa kamvekedwe ka anthu amene iwo sadawamvepo.

Wailesi inkapereka chisangalalo cha tsikulo, koma mlandu unkagamulidwa Lolemba. Daily Times ikafika, inkawerengedwa kuyambira kumbuyo. Pepala limodzi linkadutsa m'manja ambiri pa nthawi ya nkhomaliro, wodziwa Chingerezi namasulira anzake, ndipo mkangano wa amene adapatsira mpira wa chigoli chachiwiri unkathera pamenepo. Pofika madzulo pepalalo lidali litakulungira usipa.

Tiyenera kudzifunsa chifukwa chake anthu ankakhulupirira tsamba lakumbuyolo chotero. Kuyambira 1966 mpaka 1993 dziko lathu lidali la chipani chimodzi. Lamulo lopima mabuku ndi zolembedwa lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1968. Daily Times ndi Malawi News zidali m'manja mwa olamulira, MBC idali wailesi yokhayo, ndipo tsamba loyamba linkanena zimene onse ankadziwiratu kuti linena. Munthu wanzeru adaphunzira kuwerenga ndi diso limodzi. Koma chigoli sichibisika. Masewera amachitika pamaso pa mboni zikwizikwi, ndipo mboni zimenezo zimakwera basi ndi kukafika kwawo. Mlembi amene akadalemba kuti tapambana pamene tagonja akadasekedwa ndi dziko lonse dzuwa lisanalowe. Motero pa tsamba la zamasewero pokha mpamene Mmalawi ankawerenga kuti ife talephera, kuti wakutiwakuti adasewera moipa, kuti mphunzitsi adalakwa posankha timu. Mawu otere sakadalembedwa za nduna kapena za mtengo wa feteleza.

Sitikunena kuti alembi ndi oulutsa a zamasewero adali mfulu kotheratu. Chikho chachikulu chinkatchedwa ndi dzina la Kamuzu, bwalo lalikulu chimodzimodzi, ndipo timu ikapambana, mayamiko ankayenera kuyambira kumwamba. Koma pansi pa mayamikowo padali nambala ziwiri zimene palibe adali ndi mphamvu yozisintha.

Nambalazo nthawi zina zidali zokoma. M'chaka cha 1978 timu yathu, pansi pa mphunzitsi Ted Powell, idagonjetsa Zambia 3-2 pa ndime yomaliza ya chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa. Chaka chotsatira idakatenganso chikhocho ku Kenya, itagonjetsa eni nthaka 3-2, ndipo m'chaka cha 1988 idachitenga kachitatu. M'chaka cha 1987 idabwera ndi mendulo ya malo achitatu kuchokera ku masewera a maiko onse a mu Africa ku Nairobi. Mayina a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi Ernest Mtawali adalowa m'nyumba zathu kudzera m'khutu. Ambiri amene ankalumbira kuti Kinnah alibe mnzake sakadamuzindikira akadakumana naye mu msika wa ku Lilongwe.

Koma ife tiganiza kuti chikhulupiriro chidamangidwa makamaka pa masiku oipa. M'chaka cha 1984 Malawi adafika koyamba ku mpikisano wa chikho cha Africa, ku Ivory Coast. Ku Bouaké tidagonja 3-0 kwa Algeria ndi 1-0 kwa Ghana. Pokumana ndi Nigeria tidatsogola 2-0, koma chigawo choyamba chisanathe Nigeria idabweza zonse ziwiri. Palibe adatibisira zimenezi. Tidazimva ndi kuziwerenga monga zidachitikira. Nchifukwa chake pamene tidagonjetsa Algeria yomweyo 3-0 ku Luanda mu January 2010, Kinnah Phiri ali mphunzitsi, akuluakulu a ku Kanengo adasangalala mwa mtundu wina, pakuti ankadziwa ngongole ya zaka 26 imene idabwezedwa tsiku limenelo. Anyamata adangoona zigoli zitatu.

Anzathu a ku Zambia adatiposa pa kuthokoza. Dennis Liwewe, amene adabadwira kuno ku Malawi m'chaka cha 1936, adakhala liwu la mpira wa dziko lawo kwa zaka makumimakumi. Adakhala ndi moyo kufikira ataona Zambia ikutenga chikho cha Africa m'chaka cha 2012 ku Libreville, pafupi ndi pamene ndege idagwa ndi osewera awo 18 m'chaka cha 1993. Atamwalira m'chaka cha 2014 dziko lawo lidamulira ngati mmodzi wa atsogoleri ake. Ife kuno wosewera timamuimbira nyimbo, koma amene adatiuza za wosewerayo timamukumbukira pokhapokha atalakwitsa dzina.

Zinthu zidasintha msanga ulamuliro wa zipani zambiri utabwera. The Nation idayamba kutuluka m'chaka cha 1993, wailesi ya Zodiak idatsegulidwa ku Lilongwe m'chaka cha 2005, ndipo alembi onga Garry Chirwa ndi Peter Kanjere adayamba kufunsa poyera mafunso a ndalama ndi kayendetsedwe ka mpira. Bwalo la Bingu lidatsegulidwa m'chaka cha 2017, kotero kuti munthu wa ku Area 25 atha tsopano kukaonera timu ya dziko ndi maso ake, nabwerera kwawo tsiku lomwelo. Chigoli cha patali chimene Gabadinho Mhango adachinya Morocco mu January 2022 ku Cameroon tidachiona pa kanema ndi pa foni, kachiwiri, kachitatu. Komabe m'mawa mwake tidafunafuna zimene alembi adalemba, pakuti kanema amaonetsa kuti mpira walowa, koma sanena chifukwa chake tidagonja 2-1.

Pali mbali imodzi imene alembi athu, akale ndi atsopano omwe, adaisiya m'tchire. Ku America masewera a m'makoleji ali ndi olemba awoawo. Bwalo la yunivesite ya Michigan limalowa anthu opitirira 100,000, ndipo mpikisano wa basiketibolo wa makoleji m'mwezi wa March umatsatidwa ndi dziko lonse. Kumeneko mtolankhani atha kukalamba akulemba za sukulu imodzi, ndipo amene adaphunzira pa sukuluyo amamuwerenga ndi kumuthokoza moyo wawo wonse. Sitikhumbira zonse za kumeneko, pakuti ndalama zidalowerera kwambiri m'masewera a ophunzira awo. Koma wosewera aliyense amene tamutchula pamwambapa adayambira pa bwalo la sukulu kapena pa bwalo la fumbi, ndipo masewera a pamenepo kawirikawiri sankalembedwa. Basiketibolo ya m'masukulu ndi m'makoleji athu ndiye imangopeza mizere iwiri pansi pa tsamba, ikapeza n'komwe. Ngakhale atsikana a netibolo adayenera kugonjetsa New Zealand m'chaka cha 2018 kuti ena a ife tiwawerenge ndi chidwi chimene timapatsa anyamata.

Zimene sizidalembedwe zimapita ndi eni ake kumanda, ndipo ngakhale zimene zidalembedwa zili m'mapepala amene adakulungira usipa. Mario Antoine adathera zaka zambiri akufufuza m'nyuzipepala zakale kuti atolere zotsatira za masewera, mayina a osewera ndi a omwetsa zigoli, ndipo zimene adapeza zidachokera kwa alembi amene ambiri mwa iwo sankasayina n'komwe dzina pansi pa nkhani zawo. Buku lake loyamba la mbiri ya mpira wa m'dziko muno limayambira m'chaka cha 1935 ndipo limathera m'chaka cha 1969, kutatsala zaka zisanu ndi chimodzi kuti likulu lifike ku Lilongwe.