Histamine ndi Khunyu: Mbiri ya Zomwe Akatswiri Anatulukira

Ambiri amaidziwa histamine ngati chinthu chimene chimayambitsa ziwengo ndi kuyetsemula. Panatenga zaka zambiri kuti madokotala azindikire kuti imagwiranso ntchito mu ubongo, ndiponso kuti imathandiza kuchepetsa kukomoka kwa khunyu.

Mu 1907, Adolf Windaus ndi Vogt anapanga histamine mu labotale ku Germany. Mu 1910, Henry Dale ndi Patrick Laidlaw ku Britain anaonetsa mmene imasinthira minofu ndi mitsempha ya magazi. Kenako mu 1937, Daniel Bovet ndi Anne-Marie Staub ku Institut Pasteur, Paris, anapeza mankhwala oyamba oletsa mphamvu yake. Pofika m'ma 1940, mankhwala otere ankagulitsidwa ponseponse.

Chenjezo linachokera m'zipatala. Mu 1949, Churchill ndi Gammon analemba m'magazini ya JAMA kuti mankhwalawa angadzutse kukomoka mwa odwala khunyu. Ana omwe anamwa mankhwala opitirira muyeso nawonso ankakomoka. Koma chifukwa chake sichinkadziwika.

Yankho linayamba kuoneka mu 1983, pamene Jean-Michel Arrang, Monique Garbarg ndi Jean-Charles Schwartz anatulukira H3, malo olandirira histamine amene amaletsa ubongo kutulutsa histamine yambiri. Mu 1984, magulu a Takehiko Watanabe ndi Pertti Panula anapeza kuti maselo opanga histamine ali pa kachigawo kakang'ono ka hypothalamus, ndipo mitsempha yawo imafika pafupifupi ubongo wonse. Kuyesa pa mbewa kunaonetsa kuti histamine ikachuluka mu ubongo, kukomoka kumachepa. H1 ikatsekedwa, kumakula, makamaka mwa mbewa zazing'ono.

Izi zinachititsa akatswiri kuyesa mankhwala otseka H3. Amodzi mwa iwo, pitolisant, anavomerezedwa ku Europe mu 2016, koma othandiza matenda a tulo a narcolepsy, osati khunyu.

Phunziro la mbiriyi likukhudza ntchito ya tsiku ndi tsiku. Chlorpheniramine ndi promethazine, omwe amapezeka m'zipatala ndi m'mafamase ambiri, amalowa mu ubongo n'kutseka H1. Choncho wogwira ntchito zaumoyo asanapereke mankhwalawa kwa mwana wa chimfine kapena ziwengo, afunse kaye ngati mwanayo anakomokapo kapena amamwa mankhwala a khunyu. Promethazine sayenera kuperekedwa kwa mwana wosakwana zaka ziwiri.